Mabowo a boolean akundiwonongera shading pa cylinder, thandizeniko

Kondwa3D:
Akuluakulu ndikupanga njinga yamoto mu Blender 4.2 (pulogalamu yopangira zinthu za 3D), zambiri zayenda koma ndakakamira pa chitsulo chija chimaphimba ekizozi, cha timabowo tambirimbiri chija choti munthu asapse mwendo. Ndatenga cylinder ya ma side 32 ndaboola ndi boolean (modifier yoboola chinthu pogwiritsa ntchito chinthu china chotchedwa cutter), ndiye ndikangoika shade smooth pakutuluka mizere yakuda kuchoka pa bowo lililonse mpaka kumapeto, chikuoneka ngati chapondedwa ndi lole. Ndaikapo subdivision kuti mwina isalaza koma ndiye zaipiratu. Bevel nayonso mbali ina ikunenepa ina ikuwonda. Komanso auto smooth imene amanena m'ma tutorial ija sindikuiona, inapita kuti?

Tadala_M:
Yambani ndi zophwekazo achimwene. Bevel yonenepa mbali imodzi nthawi zambiri ndi scale, mukakoka chinthu mu object mode Blender imasungabe miyezo yakale. Dinani Ctrl+A musankhe Scale, kenako mudine N muone kuti scale ya X, Y ndi Z zonse zitatu zili pa 1. Auto smooth yakale anaichotsa mu 4.1, pano mumadina right click kenako Shade Auto Smooth, imakuikirani modifier ya Smooth by Angle.

mjombaPoly:
Za scale zo ndi zoona koma mizere yakudayo sichoka nazo. Shade smooth sisintha mesh olo pang'ono, imangonamiza kuwala, pa vertex iliyonse imaphatikiza ma normal (kumene face iliyonse yaloza) a ma face oyandikana. Tsono boolean ikaboola imasiya n-gon (face ya ma side oposa 4) yaikulu, ndipo kompyuta pojambula imaiduladula kukhala ma triangle aatali oonda kuchoka pa bowo mpaka uko kumapeto. Pamalo a flat palibe vuto poti ma normal onse aloza kumodzi, koma pokhota vertex iliyonse yatsopano ikuloza kwake ndiye kusiyanako kumatambasuka mu triangle yonse, mizere yanu ija ndi imeneyo.
Ndiye musanaboole onjezerani ma side akhale 64 kapena 128, muikenso ma loop cut ndi Ctrl+R mbali zonse za mabowo kuti chisokonezocho chithere pompo pafupi. Pa bevel tsegulani Harden Normals. Zikakanabe, sungani kopi ya cylinder yosaboola, pa yoboolayo ikani Data Transfer, Face Corner Data, Custom Normals, mapping ikhale Nearest Face Interpolated, koma muipatse vertex group ya kunja kokha, mukapanda kutero iwononganso mkati mwa mabowo. Subdivision yo ichotseni, siigwirizana ndi zimene boolean imasiya. Ndipo poyang'ana gwiritsani matcap (khungu longoonera chinthu mu viewport) yonyezimira, imvi ya default ija imabisa zambiri.

Tadala_M:
Ine apa ndiye nditsutsako pang'ono a mjomba. Chitsulo ngati chimenechi bwanji osachipanga chili flat? Kabowo kamodzi ka ma side 8 mkati mwa square, ma quad (ma face a ma side 4) okhaokha, Array mbali ziwiri ndi Merge yotsegula, kenako Simple Deform pa Bend kuti chikhote, Solidify, subdivision pamapeto. Ma side 8 aja amasanduka bowo lozungulira bwinobwino, ndipo mawa kasitomala akati onjezera mabowo mumangosintha count basi.

mjombaPoly:
Eya asisi, mabowo akakhala ofanana ndi ondondozana njira yanuyo ikuposa yanga, sindikana. Chimene ndimakana ndi zoti n-gon ndi tchimo paliponse, anthu amagona mochedwa kukonza ma quad pa chinthu cha flat chosapindika mu animation, choti akangochita bake normal map palibe adzaone.

Kondwa3D:
Zikomo nonse, bevel yakhazikika ndipo ndi ma side 128 mizere yachepa kwambiri. Mabowo angawa ndi osiyana kukula ndiye ndikhalabe pa boolean. Koma laputopu yayamba kulira, ndikasuntha cutter imodzi imaima kaye.

mjombaPoly:
Muli ndi modifier pa bowo lililonse eti? Ikani ma cutter onse mu collection imodzi, boolean ikhale imodzi, Operand Type musinthe ikhale Collection. Solver ikhale pa Fast pamene mukusunthasuntha, Exact imalemera, muibwezere mukamaliza kapena ngati bowo lina likukana kutuluka. Bevel muizimitse kaye mu viewport.