Kamera ya rivesi pa pikapu yanga sikuonetsa bwino, ndisinthe kamera kapena wailesi yomwe?

Abale ndithandizeni maganizo makamaka inu odziwa zamagetsi a galimoto. Ndili ndi pikapu ya double cab ya 2017, ndinaigula yoyendako kale, ndimapikulira ndiwo zamasamba pa Bvumbwe komanso nanazi ku Mulanje ndikapeza oda. Injini ilibe vuto koma kamera ya kumbuyo yomwe inabwera nayo kuchokera ku fakitale ikundisowetsa mtendere. Masana imaonetsa mwa mbuu, munthu umamuzindikira koma chitsa kapena mwala sungasiyanitse ndi dothi, ndiye kukada kapena kukagwa chiperoni sikirini yonse imangodzadza timadontho ngati TV yakale yopanda eriyo. Lachiwiri madzulo ndikubwerera m'mbuyo pa Thyolo Boma ndinatsala pang'ono kugunda mwana amene anawerama kutola mpira, anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa nthochi amene anakuwa. Mpaka pano mtima sunakhale m'malo, nanenso ndili ndi ana awiri ang'onoang'ono pakhomo ndipo galimotoyi ndi yaitali, pagalasi sungaone chomwe chili pansi kuseri kwa chitseko chakumbuyo. Ndiye ndigule kamera yokha kapena ndisinthe ndi wailesi yomwe, poti sikirini yoonetsa chithunzicho ili pa wailesipo? Ndalama ndi yochepa sindikufuna kugula kawiri.

Mayankho

Dalaivala wa ku Chitakale: Bwana musanatulutse kobiri yambani mwapukuta kagalasi ka kamerako. Kamakhala pa chogwirira chitseko pomwe fumbi lonse limakathera, misewu ya m'maesiteti muno dothi lake lofiira lija limamata ngati phala. Koma tsirani madzi kaye, mukapukuta chouma ndi malaya mumakakanda.

Wofunsa: Ndimapukuta m'mawa uliwonse achimwene, zimasintha pang'ono chabe.

Wa zamagetsi ku Luchenza: Akulu zinthu ngati izi ndimakumana nazo pafupipafupi, mavuto ake amakhala awiri ndipo anthu amawasakaniza. Loyamba ndi chibadwa cha kamerayo. Makamera ambiri a fakitale a zaka zimenezo ndi a mtundu wakale wotchedwa analog, chithunzi chake ndi cha mizere pafupifupi 480 ngati ma DVD akale, kenako lenzi yake ndi yotambasula kwambiri kuti ione mbali zonse ndiye timadontho tochepa topanga chithunzicho timagawidwa malo aakulu, n'chifukwa chake chinthu chaching'ono chimasowa. Ife maso anazolowera foni ndiye timaona ngati yafa pomwe inabadwa choncho. Lachiwiri ndi ukalamba, kagalasi kamachita chikasu ndi dzuwa, rabala yotchinga madzi imatha ndiye chinyezi cha kuno chimalowa mkati, komanso waya wake amadutsa pomwe chitseko chimapindikira ndiye mukamatsekula tsiku ndi tsiku potsitsa matumba amathetheka, pulagi imachita dzimbiri. Yang'anitsitsani ndi tochi ngati mkati mwa lenzi muli nthunzi. Ngati chithunzi chimaphethira mukagwedeza chitseko, ndi waya ameneyo osati kamera.

Mayi wa ku Makwasa: Pepani ndi zomwe zinakuchitikirani. Ine amuna anga ndinawaletsa kuliza galimoto pakhomo ana asanawawerenge onse ali pakhonde. Kamera ikonzedwe inde koma izi musasiye.

Mnyamata wa pa Chinakanaka: Ine ndinalakwitsa pomwe mukufuna kulowera. Ndinagula kamera ya AHD, mtundu watsopano woonetsa chithunzi choyera, yolembedwa 1080p ku Limbe nkukailumikiza pa wailesi yoyambirira, sikirini inangoda bii chifukwa wailesi yakale simva chilankhulo cha AHD. Mpaka ndinagulanso wailesi ya Android ndi pomwe zinatheka, pano usiku ndimaona ngakhale nkhuku. Ndiye ngati mukufuna kuwala kwenikweni ziwirizi zimayendera limodzi.

Wa zamagetsi ku Luchenza: Zoona zimenezo, ndipo onjezerani ichi, makamera ena a fakitale amadya 6 volts pomwe ogula pashopu ambiri ndi a 12. Wokuikirani ayeze ndi mita asanadule waya aliyense. Za usikuzo yang'ananinso mababu a rivesi, akakhala ofooka kamera ilibe kuwala kogwirira ntchito, ikamadzikakamiza ndi pomwe pamabwera timadontho tija. Mababu a LED ndi otchipa kuposa zonse tatchulazi, yambirani pamenepo.

Bambo wa ku Thekerani: Ife tayendetsa malole zaka zambiri opanda kamera, magalasi ndi wothandizira basi. Mukuononga ndalama.

Wofunsa: Bambo ulemu wanu, koma ine ndimayenda ndekha ndilibe wondiyang'anira kumbuyo, ndipo mwana uja pagalasi sankaoneka ngakhale pang'ono.

Wofunsa: Ndabwerako abale. Ndaunika ndi tochi monga munanenera, mkati mwa lenzi muli timadzi ndithu, babu limodzi la rivesi linapsa kale osadziwa. Mababu ndasintha onse awiri lero ndipo usiku uno khoma la nyumba likuoneka, koma mbuu uja adakalipo. Wailesi ya Android idikire nanazi ayambe kuyenda. Akulu a ku Luchenza, ndikagula kamera wamba ya analog yosalowa madzi igwira pa wailesi yomweyi? Ngati ndi choncho ndibwera Loweruka m'mawa mudzandiyezere ma volts.