Chingwe chodula chingafulumizitse hard drive?

wamakamera_Yeoville:
Akuluakulu thandizeni. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe za anthu akwathu kuno ku Johannesburg, ndiye ndikamakopera mavidiyo ku external hard drive zikumachedwa zedi, 200GB mpaka ola ndi theka kupitilira, pomwe kasitomala ali pakhomo akufuna akaipereke kwa a basi ku Park Station ipite kumudzi. Mnyamata wina wa shopu mu tauni akuti ndigule chingwe cholembedwa liwiro la 10Gbps ziziuluka. Zoona zimenezi kapena akungofuna ma rand anga?

fundi_wa_mafoni:
Tayambani mwaona chingwe muli nachocho achimwene. Ma drive ang'onoang'ono ambiri ali ndi bowo lotambalala la magawo awiri, micro-B ya USB 3.0, koma kachingwe ka foni kakale kaja kamalowanso mbali imodzi ndipo drive imayaka bwinobwino ngati palibe vuto. Kungoti apo ikuyenda pa USB 2.0, pa pepala amati 480Mbps koma zenizeni sizidutsa 40MB pa sekondi, ndipo nthawi mwatchulayo ikugwirizana ndi zimenezi ndithu. Pa laputopu ponso lowetsani pa port ya buluu mkati kapena yolembedwa SS.

mdala_waRosettenville:
Za 10Gbps zo asiyeni nazo. Drive ya kambale kozungulira mkati, ya 5400rpm, mphamvu zake zimathera pa 100 mpaka 130MB pa sekondi basi, pomwe USB 3.0 wamba ndi 5Gbps kale, malo otsala ambirimbiri. Ngolo ya ng'ombe ngakhale muiike pa M1 iyenda mmene imayenderamo. Chingwe cha 3.0 chotchipa chikwanira, 200GB yanuyo izitha mu mphindi 30 kapena 35. Ndalamayo sungirani SSD, drive yopanda kambale kozungulira, ya mtundu wa SATA imafika cha mma 500MB pa sekondi, ya mtundu wa NVMe kuposa apo, pamenepo nde chingwe cha 10Gbps chiyamba kuoneka ntchito yake.

wamakamera_Yeoville:
Nanga zithunzi bwanji madala? Zija nde zimakwawa kuposa mavidiyo.

fundi_wa_mafoni:
Zimenezo si chingwe ayi, ma file ang'onoang'ono masauzande amapangitsa kamutu kowerenga ka mkati mwa drive kumangodumphadumpha pa mbale. Zipangeni zip kaye zikhale file imodzi. Ndipo mukadzagula ya USB-C samalani, zingwe zambiri zobwera ndi mafoni nzochajira chabe, mkati mwake ndi 2.0 yomweyo.