Kamwala kandivulazira galasi lakutsogolo, kodi inshuwalansi imalipira zoterezi?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Loweruka lapitali ndikuchokera kumaliro ku Zomba, nditangodutsa pa Njuli, tipa yodzaza miyala inandipitirira ndipo kamwala kanathamanga n'kudzamenya galasi lakutsogolo la Sienta yanga. Kanasiya kabala kooneka ngati nyenyezi, kosaposa khobidi la K10, mbali ya wokwera. Ndinangoti n'zazing'ono izi. Lolemba galimoto inaswera padzuwa ku Limbe, kutentha kwa Okutobala mukukudziwa, madzulo mnyamata wotsuka n'kuikhuthulira madzi ozizira. Pano kabala kaja katulutsa mng'alu wotalika ngati chala, ndipo m'mawa uliwonse ndikumapeza wasuntha pang'ono.

Inshuwalansi yanga ndi comprehensive, ija imalipiranso galimoto yako ikawonongeka, zaka zitatu ndikulipira osapemphapo kalikonse. Nditawaimbira anati ndibweretse zithunzi ndi makotesheni awiri, koma excess, gawo la ndalama limene mwini galimoto amalipira yekha, ndi yanga. Nditafunsa ngati kuchotseredwa mtengo kuja, kwa anthu amene sanapangepo claim (kupempha kuti inshuwalansi iwalipire), kudzakhalapobe chaka chamawa, anangoti "tiona". Zandiwawa, chifukwa ndalama amalandira mosavuta koma funso limodzi lokha akulephera kuliyankha. COF nayo, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, ikutha mwezi wamawa, ndipo galimoto imeneyi ndi imene imapititsa ana kusukulu.

Ndiye mng'alu wotere umamatika kapena galasi lapita? Ndipange claim kapena ndingopirira n'kulipira ndekha?

Wa ku Ndirande: Achimwene, choyamba matanipo seloteyipi yoonekera mkati lero lomwe, fumbi ndi madzi zisalowe. Galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri okhala ndi pulasitiki pakati, n'chifukwa chake silimwazika. Ngati lavulala lakunja lokha, amathiramo guluu wapadera wotchedwa resin n'kuumitsa ndi kuwala kwa UV. Chipsera chimatsala pang'ono koma mng'alu umaima. Ukafika m'mphepete mwa galasi, kapena ukadutsa pamene dalaivala amayang'ana, musataye ndalama, n'kusintha basi. Ndipo chonde super glue ayi. Ambiri amabwera atathira kale, resin osalowanso.

Mayi wa ku Chilomoni: Bambo, tsegulani mapepala a policy yanu muone ngati muli mawu akuti windscreen. Makampani ena amaliika padera, ndi malire ake a ndalama, ndipo claim yake sikhudza kuchotseredwa kuja. Ena amaliwerenga ngati ngozi ina iliyonse. Musadalire za pafoni, alembereni kalata kapena imelo kuti akuyankheni polemba. Komanso musachedwe kuwadziwitsa mwalamulo, policy imanena masiku ake. Akamakuzungulitsani, makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, madandaulo amalandira.

Wa ku Machinjiri: Inu bola muli ndi comprehensive. Ife a third party, ija yokakamizidwa ndi lamulo, imangolipira amene wamugunda, galasi lako mwini wake ndiwe. Langa ndinalilekerera, mabampu a msewu wakwathu anaufikitsa mng'alu mbali ina m'sabata ziwiri. Muziimika pamthunzi, zitseko muzitseka mofatsa, ndipo aircon musamailozetse pagalasi likatentha.

Wa ku Bangwe: Yerekezerani mtengo womata ndi excess yanu. Nthawi zambiri kumata kumatchipa kuposa excess, ndiye claim ilibe phindu. Koma ngati n'kusintha, pangani claim, magalasi akwera ndi vuto la forex. Mukasintha, onetsetsani kuti amata bwino m'mbali, mvula yayandikira, lingamadonthe.

Wofunsa: Zikomo kwambiri abale anga. Seloteyipi ndamata, policy ndaipeza, windscreen ilimo ndithu ndi malire ake. Mng'alu watsala ngati zala zinayi kuti ufike m'mphepete, ndiye mawa m'mawa ndikupita kwa omata asanatsegule n'komwe. Chatsala ndi ichi: alipo amene anapita ku Road Traffic ku Ginnery Corner ndi galasi lomata, COF n'kutuluka?