Tikupita kukatumikira ku Glasgow: tithandizeni za nyumba, mayendedwe ndi malo okaona

Mbusa_Wapaulendo:

Moni nonse. Sinodi yandituma kukatumikira pa mpingo wina kufupi ndi Glasgow, ku Scotland, kwa zaka zitatu. Tinyamuka mu September pamodzi ndi amayi akunyumba komanso ana awiri, wa zaka 8 ndi wa zaka 14. Za viza ndi zoyezetsa TB zatheka, manse (nyumba ya abusa) aliponso. Chimene ndikupempha kwa inu amene muli komweko ndi za tsiku ndi tsiku: nyumba tiziisamala bwanji nthawi yozizira, ufa ndi ndiwo tikazipeza kuti, nanga galimoto ikufunika tikangofika? Funso lina ndi la masiku opuma. Kodi ndi malo ati apafupi amene banja lingapite ndi kubwerako tsiku lomwelo popanda kuboola m'thumba? Chonde musaumire mawu, fotokozani mwatsatanetsatane.

Nabanda_Paisley:

Abusa, takulandirani tisanakuoneni. Ndiyambe ndi nyumba chifukwa ndi imene imasautsa anthu chaka choyamba. Manse ambiri ndi nyumba zakale zamiyala, zipinda zikuluzikulu, ndiye zimadya gasi koopsa. Tsiku lomwe mwalowa, jambulani manambala a pa mita ya gasi ndi ya magetsi, ndipo mufunse msungichuma wa mpingo kuti bilu yanu ndi iti, ya mpingo ndi iti. Amene amayang'anira nyumba za mpingo akuonetseni boiler (makina otenthetsa madzi ndi nyumba), thermostat (kachipangizo koikira mulingo wa kutentha) ndi mpopi wotsekera madzi a nyumba yonse, umene kawirikawiri umakhala pansi pa sinki.

Pa boiler pali kawotchi kosonyeza mphamvu ya madzi. Muvi wake uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5 makinawo akakhala ozizira. Ukatsika kwambiri boiler imangozima yokha. Radiator (chitsulo chapakhoma chofunditsa chipinda) ikamatentha m'munsi koma pamwamba pali zii, ndiye kuti mwalowa mpweya. Zimitsani boiler, tengani kakiyi ka radiator, potokolani pang'ono pakona yapamwamba mutatchingira kansanza. Mpweya utuluka kuti fwiii, madzi akangoyamba kudontha tsekani, kenako kaoneni muvi uja chifukwa umatsika. Thermostat izikhala pakati pa madigiri 18 ndi 21. Mukachokapo masiku angapo mu January musazimitse zonse poganiza kuti mukupulumutsa ndalama. Madzi amaundana m'mapaipi, paipi n'kuphulika, pobwera n'kupeza siling'i ili pansi.

Vuto lachiwiri ndi chinyezi, ndipo ife timalikulitsa ndi kaphikidwe kathu. Nyemba zabwata maola atatu, nsima yaphikidwa, zovala zayanikidwa pa radiator, mawindo onse ali chitsekere. Nthunziyo imakaima pakhoma lozizira, ndipo pakatha milungu ingapo mumaona chuku chakuda m'makona ndi kuseri kwa wadilopu. Chimayambitsa chifuwa, makamaka kwa ana. Vindikirani mapoto, yatsani fani ya m'khitchini ndi ya m'bafa, tsegulani mawindo mphindi 10 m'mawa uliwonse ngakhale kukuzizira, ndipo pukutani madzi amene amachita mame pagalasi. Mbaula kapena makala m'nyumba ayi ndithu, ngakhale m'garaja. Utsi wake suoneka, sununkha, koma umapha anthu ali mtulo.

Za chakudya musade nkhawa. Ufa woyera wa ku South Africa, monga Iwisa ndi White Star, umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa ndi a amwenye. Gulani thumba la 10 kg, timapaketi tating'ono timadula. Kale ndi spring greens zimalowa m'malo mwa repu ndi mpiru, ndipo peanut butter wopanda shuga amatendera bwino. Nyama ndi za mkaka zochokera kumudzi n'zoletsedwa kulowa nazo, koma nsomba zouma zimaloledwa mpaka 20 kg munthu mmodzi, ndiye usipa ndi matemba tengani, mumange bwino. Mthiko ndi chipande musaiwale, za kuno n'zopepuka, zimathyoka pa nsima.

Sabata yoyamba lembetsani banja lonse kwa GP (dokotala wa m'dera lanu) wapafupi, musadikire kuti wina adwale. Mankhwala olembedwa ndi dokotala ndi aulere ku Scotland kuyambira 2011. Wina akadwala usiku kapena kumapeto kwa sabata mumaimba 111, pangozi 999. Gulaninso vitamin D wa 10 micrograms. Azaumoyo amalangiza aliyense kumwa kuyambira October mpaka March, koma ife akhungu lakuda amati chaka chonse, chifukwa dzuwa la kuno n'lochepa mphamvu.

Mkulu_wa_Motherwell:

Mayi Nabanda anena zoona zokhazokha. Ine nditenge mbali ya kuyenda, ndipo ndinene mosabisa, abusa: kutuluka m'nyumba kuno si kuwononga nthawi. Mu December dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, pofika 3:45 masana lalowa kale. Munthu amene wazolowera kuti pakhomo pa abusa sipatha alendo akapezeka m'nyumba yaikulu yopanda wogogoda, kunja kuli mdima, mtima umagwa mosazindikira. Amayi ndi amene zimawapweteka kwambiri, poti inu muli ndi ntchito yokutulutsani. Choncho muike lamulo m'banja kuti tsiku lililonse aliyense aziyenda panja kukadali kowala, olo mphindi 30.

Ana anu awiriwo akwera basi ulere. Aliyense wa zaka 5 mpaka 21 wokhala ku Scotland ali ndi mwayiwu kuyambira January 2022, koma pamafunika khadi ya National Entitlement Card, ndiye funsani kusukulu kapena ku khonsolo mukangopeza adiresi. Pa sitima za ScotRail pali Kids for a Quid: mwana amalipira £1 kupita ndi kubwera akakhala ndi wamkulu amene wagula tikiti. Basi simaima yokha pasiteji, muitambasulire dzanja, ndipo potsika dinani belu isanafike.

Ulendo woyamba ukhale wa ku Blantyre ya kuno. Sitima yochokera ku Glasgow Central imatenga mphindi pafupifupi 20, kenako mumayenda pansi pang'ono kutsikira ku mtsinje wa Clyde. Kumeneko kuli Shuttle Row, nyumba ya antchito a fakitale ya thonje kumene David Livingstone anabadwira pa 19 March 1813. Mukaona chipinda chimodzi chimene banja lonse linkagonamo, kudyeramo ndi kuphikiramo, bedi lolowa m'khoma, ndi mbiri ya Livingstone, amene anayamba ntchito m'fakitale ali ndi zaka 10. Malowa anawakonzanso n'kuwatsegula mu 2021, ndipo tsopano amafotokozanso za Susi ndi Chuma ndi Aafirika ena amene ankayenda naye. Polowa m'nyumbamo mumalipira, koma bwalo lake n'laulere. Pitani msanga chifukwa akhristu anu akudziwa kuti mishoni ya Blantyre ya kwathu inayambitsidwa ndi Church of Scotland mu 1876, ndipo adzakufunsani ngati mwafikako.

Tsiku la mvula, limene ku Glasgow silisowa, lowani m'nyumba zosungiramo zinthu zakale za Kelvingrove kapena Riverside Museum. Konseko n'kwaulere komanso n'kofunda. Ku Riverside kuli masitima, matramu ndi magalimoto akale, wa zaka 8 uja sadzafuna kutulukamo. Ku Kelvingrove amaimba limba lalikulu masana.

Kukacha bwino pitani ku Largs, ola limodzi pa sitima kuchokera ku Central, mukwere pantoni ya mphindi 10 kupita pa chilumba cha Cumbrae. Ku Millport, tauni ya pachilumbapo, amabwereketsa njinga, ndipo msewu wozungulira chilumbacho ndi wa makilomita pafupifupi 16, wopanda zitunda. Kwina ndi ku nyanja ya Loch Lomond: sitima yochokera ku Queen Street kukafika ku Balloch imatenga mphindi pafupifupi 50. Apa ndichenjeze mwamphamvu. Madzi ake amaoneka odekha ngati ku Senga Bay, koma ndi ozizira kwambiri ngakhale mu July, ndipo malo ena amazama mwadzidzidzi pafupi ndi gombe. Kuzizirako kumabanika munthu mpweya n'kuumitsa manja ndi miyendo, moti ngakhale odziwa kusambira amamira. Ana aziviika mapazi basi.

Ku chilumba cha Iona, kumene mmishonale Columba wa ku Ireland anafika m'chaka cha 563, n'koyenera mbusa aliyense kukafikako, koma si ulendo wa tsiku limodzi. Sitima ya ku Oban ndi maola atatu, pantoni ya ku Craignure pa chilumba cha Mull mphindi pafupifupi 50, basi yodutsa Mull kupitirira ola, kenako pantoni ina ya mphindi 10 kuchokera ku Fionnphort. Mphepo ikakula mapantoni amaimitsidwa. Konzani masiku awiri kapena atatu pakati pa May ndi September, ndipo musaike tsiku lobwerera Loweruka ngati Lamulungu mukulalikira.

Zovala: ambulera satha sabata ndi mphepo ya kuno. Gulani jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa, ndipo muzivala zovala zopyapyala zingapo m'malo mwa chijuzi chimodzi, kuti mukalowa m'basi yofunda muzivula china. M'mashopu a charity (a kaunjika, a mabungwe achifundo) muli majekete abwino otchipa. Mukayenda m'maudzu m'chilimwe, madzulo fufuzani nkhupakupa m'miyendo ndi m'khwapa mwa ana, zimafalitsa matenda a Lyme. Mu June, July ndi August kumadzulo kwa Scotland kumakhalanso tizilombo touluka ting'onoting'ono toluma m'mawa ndi madzulo kukakhala bata, ndiye mankhwala odzola akhale m'chikwama.

Naphiri_Hamilton:

Akulu a ku Motherwell afotokoza bwino za masitima, koma pa nkhani ya galimoto ndionjezepo, chifukwa zokayenda n'zosiyana ndi ntchito. Mbusa amayenera kufika kuchipatala, kunyumba zosungira okalamba ndi kumalo otenthera maliro, ndipo malo ambiri otere ali kunja kwa tauni kumene basi imadutsa mwa apo ndi apo. Mwambo wa maliro kumeneko uli ndi nthawi yake yoikika, banja lina limakhala likudikira panja, ndiye kuchedwa mphindi 10 n'kulakwira anamfedwa.

Layisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera tsiku limene mwayamba kukhala kuno, ndipo sisinthidwa ndi ya kuno monga zimachitikira ndi ya ku South Africa kapena ku Zimbabwe. Muyenera kutenga provisional (layisensi yophunzirira), kulemba mayeso a pa kompyuta, kenako oyendetsa. Mzere wa mayeso oyendetsa ndi wautali, choncho yambani ntchitoyi mukangokhazikika, musadikire mwezi wa 10. Ngakhale mwayendetsa zaka zambiri, lipirani mphunzitsi maulendo angapo. Anthu amalephera pa zinthu zazing'ono: kusayang'ana pa galasi moonekera, ndi kulowa mzere wolakwika pa raundabauti.

Za kuchezera akhristu: imbani foni kaye, mugwirizane tsiku ndi ola, ndipo mukakhala mphindi 40 zakwana. Kungotulukira pakhomo kumawadzidzimutsa. Anthu amamasuka kwambiri pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, ndiye musathamangire ku vestry. Amayi nawonso alowe Guild, imene ikufanana ndi Mvano kapena Chigwirizano, ndi kumene angapeze anzawo msanga. Asanayambe kuthandiza Sande sukulu ayenera kulembetsa PVG (kaundula wofufuza mbiri ya ogwira ntchito ndi ana), ngakhale inuyo chimodzimodzi. Mpingo ndi umene umayendetsa mafomu ake.

Chinthu china muchidziwe musanakwere ndege: kuyambira November 2020, kumenya mwana n'kulakwira lamulo ku Scotland, ngakhale kambama kochokera kwa kholo. Mwana akatchula kusukulu, aphunzitsi amakakamizika kukanena. Mukambirane ngati banja njira zina zolangira.

Mbusa_Wapaulendo:

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonsezi. Funso lotsiriza: poti tifika mu September, ana sadzakhala atatsalira kusukulu?

Naphiri_Hamilton:

Sukulu za ku Scotland zimatsegulira pakati pa August, ndiye adzapeza anzawo atapita milungu ingapo, koma amalandiridwa nthawi ina iliyonse. Malo amapereka ndi a khonsolo potengera adiresi, choncho mlembi wa sesoni akutumizireni kalata yotsimikiza za manse panopa, mulembetse musananyamuke. Tengani zikalata zobadwira, malipoti a kusukulu ndi mabuku a kuchipatala osonyeza katemera. Wamng'onoyo akhala cha mu P4 kapena P5 (kalasi yachinayi kapena yachisanu ya pulayimale), kumene chakudya chamasana n'chaulere. Wamkuluyo alowa sekondale cha mu S3 (chaka chachitatu), ndipo kumeneko anzake anasankha kale maphunziro a mayeso a National 5, ndiye mukakumane ndi mphunzitsi wolangiza ana sabata yoyamba kuti amupezere malo m'maphunziro amene akufuna.