Ndithandizeni nzeru, ndikufuna kupita ndi bambo ku paki ya Liwonde

Abale anga a kuno ku Mangochi, ndabwera kudzapempha nzeru. Bambo anga anakulira m'mbali mwa nyanja ya Malombe, ndipo anatiphunzitsa sukulu ndi ndalama za usodzi. Pano akalamba, mawondo akuwavuta, koma sakusiya kunena kuti akufuna kukaonanso njovu zikumwa madzi mu Shire, mvuu zikufwenthera m'mabango, nkhwazi ili pamwamba pa mgwalangwa. Akayamba kukamba zimenezi nkhope imawala, ine mtima umandiwawa kuti sindinawatengerekobe.

Ndikudziwa kuti pakiyi ikuyendetsedwa ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuyambira 2015, ndiponso kuti mikango anaibwezeretsamo mu 2018. Koma bambo sakufuna za mikango ayi, iwo mtima uli pamadzi basi.

Ndiye funso langa ndi ili: pochokera ku Mangochi boma, ndi bwino kukhotera pa Ulongwe n'kukawoloka Shire pa boti kupita ku kampu ya Mvuu ya m'pakimo, kapena tipitirire mpaka ku Liwonde tikalowere pageti la kumeneko? Galimoto yathu ndi yaing'ono, yotsika pansi. Tikuganiza zopita mu Okutobala poti nyama zimasonkhana kumtsinje madzi akaphwa m'madambo, koma kutentha kwake munthu wamkulu angapirire?

Chinanso, amene munakwerapo boti loonera nyama, pokwerera pake mpotheka kwa munthu woyenda ndi ndodo? Ng'ona za mu Shire timazidziwa tonse, sindikufuna bambo aterereke pagombe. Nanga Amalawife timalipira zingati pageti, ndipo chiphaso cha unzika n'chokwanira?