Masitepe a salsa ndikuwadziwa, koma ndikagwirana ndi munthu nyimbo imandithawa

Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene munaphunzira kuvina awiriawiri mutakula kale.

Ndili ndi zaka 44 ndipo chibadwire sindinavinepo mogwirana ndi munthu. Akazi anga akhala akulakalaka zimenezi kwa zaka zambiri, ndiye tinayamba kalasi ya salsa. Papita masabata 6 tsopano.

Kawerengedwe kake ndikukamvetsa: kuponda pa 1, 2, 3, kupuma pa 4, kupondanso pa 5, 6, 7, kupuma pa 8. Ine monga wotsogolera ndimaponda kutsogolo ndi phazi lamanzere pa 1, iwo n'kubwerera m'mbuyo ndi lamanja. Ndikakhala ndekha, ndikuwerenga pakamwa, zimayenda bwinobwino. Koma nyimbo ikangolira, dzanja langa lili pamsana pawo m'munsi mwa phewa, mutu umabalalika. Pamene pali 1 sindikupamva m'pang'ono pomwe. Maso amathawira kumapazi, zikhatho n'kutuluka thukuta.

Chomwe chandiwawa ndi cha sabata yathayi. Tikusinthana anthu ovina nawo, mayi wina anandiuza mwaulemu kuti, "Bambo, mukundifinya zala." Kunyumba akazi anga anavomereza kuti nawonso mkono umawapweteka ndikamawatembenuza, kungoti ankaopa kundigwetsa mphwayi. Sindikufuna kusiya, komanso sindikufuna kupweteka munthu.

Ndiye 1 ameneyu mumamumva bwanji? Nanga kusinthanaku n'kofunikadi, kapena ndingokhala ndi akazi anga mpaka nditazolowera?

Yankho loyamba:
Achimwene, ndikuganiza kuti mukutsata besi, ndipo ndi imene ikukusocheretsani. Mu salsa besi nthawi zambiri sigunda pa 1, imakonda kugwa 1 asanafike. Mverani belu lachitsulo lija limalira kwambiri oimba akafika pa kolasi: limagunda pa 1, 3, 5, 7. Kwa sabata yathunthu musavine ayi. Ikani nyimbo imodzi yoyenda pang'onopang'ono, khalani pampando, muziomba m'manja ndi belulo mpaka khutu ligwire. Mukasokoneza 1 ndi 5 musadandaule, zimachitikira ambiri poyamba.

Yankho lachiwiri:
Bambo, ine ndimavina mbali yotsatira, ndinayamba nditapitirira zaka 50. Munthu amafinya zala akakhala ndi mantha, sikuti ndi nkhanza. Chala chachikulu chisapanikize dzanja la mnzanu, zala zinazo zingokolowekana mopepuka. Potembenuza musakoke. Kwezani dzanja lake pamwamba pang'ono pa mutu wake, iye azungulira yekha ndi mapazi ake. Ndipo muzichepetsa sitepe, oyamba kumene amatambasula miyendo kwambiri n'kumachedwa. Za kusinthana, pitirizani. Mayi a kunyumba amakudziwani, amalowera komwe mukufuna ngakhale musanawaonetse bwino, ndiye cholakwika chimabisika. Mlendo sangakubisireni.

Yankho lachitatu:
Pemphani aphunzitsi akuphunzitseniko kuvina merengue, ya ku Dominican Republic. Imeneyo mumaponda pa kugunda kulikonse, palibe zopuma, ndiye maganizo onse amapita pa kagwiridwe ka manja.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Mayi, za chala chachikuluzo mwalasa, ndimapanikizadi. Usiku uno ndayesa kumvera belu lija ndipo ndalipeza pa kolasi. Koma nyimbo ikabwerera poimba munthu mmodzi, belulo limasowa. Pamenepo nditsate chiyani?