Sitima zakale zonyamula ndege, masipeya ankawapeza kuti?

wokonda_zam'madzi:
Akuluakulu ndithandizeni pano. Sitima ya Brazil ija yonyamula ndege zankhondo, Minas Gerais, inapangidwa ku Britain nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, dzina lake linali HMS Vengeance, koma inadzapuma ntchito mu 2001. Zaka zoposa 50! Ndiye boyila ikawonongeka kapena pampu ikafa ankagula kuti sipeya, poti mafakitale ake anali atasiya kalekale kupanga zinthuzo?

makaniko_wakale:
Achimwene chodabwitsa kwambiri n'choti sitima zimenezo sanazipange kuti zikhalitse ayi. Pulani yake ndi ya 1942, Britain ili pamoto ikufuna sitima msangamsanga, ndiye anazipereka kumakampani opanga sitima za katundu, chitsulo chokhuthala choteteza ku mabomba osaikamo, cholinga zigwire ntchito zaka zitatu kapena mpaka nkhondo ithe basi. Anayamba kupanga 16, gulu la Colossus ndi la Majestic, ndipo makina ake a nthunzi anali ofanana pafupifupi monse. Apa m'pamene panagona mwayi.

Ankachita zomwe timachita ife pagalaja, minibasi yakufa ija ili kuseri kuimasula pang'onopang'ono kuti inzake iyende. HMS Leviathan, imodzi mwa 16 zija, sanaimalize n'komwe, inangokhala padoko zaka ndi zaka, makina ake ena anakawaika mu inzake ya gulu lomwelo, Karel Doorman ya Netherlands, yomwe inapsa kuchipinda cha maboyila mu 1968. Karel Doorman yomweyo anaigulitsa ku Argentina n'kukhala Veinticinco de Mayo, ndiye nayo itatopa m'ma 1990 anayamba kuimasula zina kupititsa ku Minas Gerais yanuyo.

nangula77:
Zoona bwana, ngakhale Britain yeniyeniyo inachita zomwezo. HMS Eagle anaiimitsa mu 1972 n'kuimangirira mumtsinje wa Tamar ku Plymouth, ntchito yake kupereka masipeya kwa sitima inzake Ark Royal mpaka 1978. Ambiri amati Eagle ndiye inali yabwinoko kuposa inzakeyo, ine zimandiwawa ndithu.

Koma njirayi ili ndi malire. Brazil inagula sitima ina yonyamula ndege, Foch, ku France mu 2000 n'kuitcha São Paulo, m'bale wake anali mmodzi yekha, Clemenceau, yemwe anali atapuma kale mu 1997. Mu 2005 paipi ya nthunzi inaphulika anthu n'kumwalira, kuchoka apo nthawi yambiri inkathera padoko kukonzedwa, mpaka anaisiya mu 2017. Turkey itakana kuilandira kuti ikaphwanyidwe chifukwa cha asibesito, anakaimiza dala m'nyanja ya Atlantic mu February 2023.

mphepo_ya_mwera:
Inu mukukamba za injini koma kwa ine vuto lalikulu linali pamwamba, potera ndege. Sitimazi anazijambulira ndege za mapulopela, zopepuka, zotera pang'onopang'ono. Majeti atabwera zonse zinasokonekera, ndege yolemera, yothamanga, ikaphonya waya woikola ija imakagunda zinzake zoimikidwa kutsogolo. M'chifukwa chake a Britain anabwera ndi zinthu zitatu chakumayambiriro kwa ma 1950: bwalo lopendekera kumanzere kuti wophonya angodukanso n'kuzungulira, maganizo a msilikali wa pamadzi Dennis Cambell, catapult ya nthunzi (makina oponya ndege m'mwamba ponyamuka) yomwe anaiyesera pa HMS Perseus, ndi galasi la magetsi lomuonetsa payiloti ngati akutsika bwino. Minas Gerais inakhala ku Rotterdam kuyambira 1957 mpaka 1960 akuiika zonsezi, ndiye musaganize kuti yomwe inafika 2001 inali Vengeance yomweyo ya 1945, pamwamba ponse anasintha.

Komabe kukula kwa thupi sungakusinthe. Pa nkhondo ya ku Falklands, ya pakati pa Argentina ndi Britain, mu May 1982, Veinticinco de Mayo inafuna kutumiza majeti a Skyhawk atasenza mabomba kukamenya sitima za Britain, mphepo inangoti zii, sitimayo liwiro lochepa, catapult osakwanitsa kuponya ndege zolemera choncho, ulendo unalephereka.

wokonda_zam'madzi:
Zikomo nonse, ndatolapo zambiri. Nanga mbali ya Britain pankhondo imeneyo, HMS Hermes, si ya nthawi yomweyonso? Iyo inatha bwanji?

mphepo_ya_mwera:
Eya amwene, anaiyamba mu 1944 koma inalowa ntchito mu 1959. Iyo anaichotsa catapult, kenako anaiika chitunda kutsogolo choti ndege ya Sea Harrier izidukirapo yokha. India inaigula n'kuitcha INS Viraat mu 1987, inagwira mpaka 2017, kenako anakaiphwanyira ku Alang, ku India komweko.